Mmodzi mwa Khumi: Chilango cha Maere cha Aroma ndi Liwu Limene Chinabala

M'manyuzipepala ndi m'mabuku a mbiri olembedwa m'Chingerezi, mlembi akafuna kunena kuti mliri, nkhondo kapena njala yatha anthu ambiri m'dera lina, kawirikawiri amagwiritsa ntchito liwu lakuti decimate, ndipo owerenga a masiku ano amalimva monga mmene Mchewa amamvera mawu akuti kupulula. Komatu liwuli silinabadwire pa mliri kapena pa njala. Linabadwira mumsasa wa asilikali a Roma, kumene linkatchula mwambo umodzi wodziwika bwino, wokhala ndi woulamula wake, ndondomeko yake ndiponso chiwerengero chake. Muzu wake ndi liwu la Chilatini lakuti decem, lotanthauza khumi, limene linabala decimus, kutanthauza wachikhumi, kenaka decimare, ndiko kutengapo gawo limodzi mwa magawo khumi, ndi dzina la mchitidwewo lakuti decimatio. Pa muzu womwewo panachokeranso dzina la mwezi wa Disembala, umene unali wachikhumi pamene chaka cha Aroma chinkayamba mu Malichi. Anthu ambiri odandaula za liwuli amati linasochera chifukwa linataya chiwerengero chake, koma mbiri ya mwambo weniweniwo imasonyeza kuti chiwerengero sichinali mtima wa nkhaniyi, ndipo kuti chimene liwuli linasunga mpaka lero ndicho chimene chinkaopsa Aroma eni akewo, ndiyo imfa yogwera munthu popanda kufunsa ngati iye ndiye wolakwa.

Mwambowu sungamveke popanda kudziwa mmene gulu lankhondo la Roma linkakhalira. Gulu lalikulu linkatchedwa legio, ndipo m'nthawi ya Polybius, Mgiriki amene anatengedwa kupita ku Roma m'chaka cha 167 BC ndi kulemba mbiri ya kukula kwa mzindawo, linkakhala ndi asilikali oyenda pansi pafupifupi 4,200 ndi okwera pa akavalo 300. Pambuyo pake linagawidwa m'magulu khumi otchedwa cohors, lililonse la amuna pafupifupi 480, ndipo kagulu kochepetsetsa kanali ka amuna asanu ndi atatu ogona m'tenti imodzi, opera tirigu wawo pa mphero imodzi ndi kudyera pamodzi. Aliyense polowa usilikali ankachita lumbiro lotchedwa sacramentum, lomwe linkamumanga kumvera mtsogoleri wake ndi kusachoka pamzere chifukwa cha mantha. Nkhondo ya masiku amenewo inali ya mizere yoyandikana ya anthu onyamula zishango ndi malupanga aafupi, kotero kuti munthu mmodzi akatembenuka n'kuthawa ankasiya nthiti za mnzake woyandikana naye pambalambanda, ndipo ambiri ofa pankhondo ankafa mzere utasweka, akulasidwa kumsana. N'chifukwa chake Aroma ankaona kuthawa ngati mlandu wolakwira anzako ogona nawo tenti imodzi, ndipo chilango chake anachiika m'manja mwa anzakowo.

Polybius, m'buku lachisanu ndi chimodzi la mbiri yake, anayamba ndi kufotokoza chilango cha msilikali mmodzi chotchedwa fustuarium, dzina lochokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chibonga. Mlonda wogona pa ulonda, wakuba mumsasa, wochitira umboni wonama kapena wotaya zida zake pankhondo ankaweruzidwa ndi akuluakulu otchedwa tribunus, ndipo akapezeka wolakwa mmodzi wa akuluakuluwo ankangomukhudza ndi ndodo, osamumenya, monga chizindikiro chakuti lamulo lamuchotsera chitetezo. Pamenepo asilikali onse ankamugwera ndi zibonga ndi miyala, ndipo nthawi zambiri ankafera pomwepo. Wopulumuka n'kuthawira kunja kwa msasa sanali atapulumuka kwenikweni, pakuti sankaloledwa kubwerera kwawo ndipo panalibe m'bale amene akanalimba mtima kumulandira m'nyumba.

Vuto linkabuka pamene olakwawo sanali mmodzi kapena awiri koma gulu lathunthu, chifukwa kupha onse kukanatha mphamvu za mtsogoleri yemweyo, pomwe kuwaleka kukanaphunzitsa ena kuti kuthawa kulibe mlandu bola othawawo achuluke. Apa ndi pamene decimatio inkagwira ntchito. Mkulu wa asilikali ankasonkhanitsa legio yonse, n'kuimika othawa aja poyera, n'kuwadzudzula kolimba pamaso pa anzawo, kenaka n'kuchita maere kuti apeze pafupifupi mmodzi mwa amuna khumi alionse, nthawi zina asanu, nthawi zina asanu ndi atatu, nthawi zina makumi awiri, malinga ndi kuchuluka kwa olakwa. Amene maere awagwera ankaphedwa ndi zibonga mopanda chifundo. Otsalawo ankalandidwa tirigu n'kupatsidwa barele, mbewu imene m'gulu lankhondo inali chakudya cha akavalo, zomwe zinali ngati kuchotsera munthu ufa woyera n'kumuikira madeya anzake akuona. Kuwonjezera apo ankalamulidwa kukamanga matenti awo kunja kwa linga. Asilikali a Roma ali pa ulendo ankakumba ngalande, kuunjika dothi ndi kuzika zichiri mozungulira msasa madzulo alionse, choncho kugona kunja kwa lingalo kunali kugona poyera m'dziko la adani, ukumva phokoso la anzako otetezeka mkati.

Cholinga cha maere chinanenedwa momveka ndi Cicero m'chaka cha 66 BC, pamene ankateteza munthu wina dzina lake Cluentius m'bwalo la milandu: makolo a Aroma anakonza zimenezi kuti mantha afike kwa onse pomwe chilango chagwera ochepa. Maere anali ndi ntchito inanso, yochotsa mlandu wa kusankha pa mutu wa mtsogoleri, popeza Aroma ankakhulupirira kuti pa maere milungu ndiyo imalankhula, ndipo palibe amene akananena kuti mkulu wapha mdani wake n'kusiya mwana wa mnzake. Koma chimene chinkaoneka ngati kusakondera ndicho chinali nkhanza yeniyeni ya mwambowu. Munthu amene anathawa pomalizira atayesa kuimitsa anzake ankatola maere pamodzi ndi amene anayamba kutaya chishango, ndipo amuna asanu ndi anayi opulumuka ankayenera kukweza zibonga pa mnzawo akudziwa bwino lomwe kuti mlandu wake sunali waukulu kuposa wawo. Mwa njira imeneyi mtsogoleri ankasandutsa otsalawo kukhala ogawana naye mlandu wa magazi, kotero kuti sakanathanso kumuukira ndi mtima woyera.

Nkhani yakale koposa ya mwambowu ili m'buku lachiwiri la Livy, lomwe limaiika m'chaka cha 471 BC. Appius Claudius, amene anali consul, ndiye kuti mmodzi wa akuluakulu awiri osankhidwa chaka ndi chaka kulamulira dziko ndi kutsogolera nkhondo, ankadana kwambiri ndi anthu wamba, ndipo asilikali ake, omwe anali anthu wamba omwewo, anamubwezera pothawa dala pamaso pa mtundu wa Volsci. Iye analamula kuti akenturiyo, ndiwo atsogoleri a timagulu ta asilikali, osiya malo awo ndi onyamula mbendera amene anazitaya akwapulidwe ndi kudulidwa mitu, ndipo mwa otsala aphedwe mmodzi mwa khumi. Livy analemba zimenezi patapita zaka zoposa 400, choncho akatswiri a mbiri amaziwerenga mosamala, komabe n'zochititsa chidwi kuti m'chikumbumtima cha Aroma mwambowu unayamba ndi mtsogoleri wodedwa amene ankalanga osati mantha koma kukana kumvera.

Nkhani yotchuka kwambiri ndi ya Marcus Licinius Crassus. Kapolo wina dzina lake Spartacus atathawa ndi anzake pafupifupi 70 kusukulu ya akapolo omenyana m'mabwalo a masewero ku Capua m'chaka cha 73 BC, anasonkhanitsa khamu la akapolo limene linagonjetsa magulu a Roma kangapo, kuphatikizapo a akuluakulu onse awiri a m'chaka cha 72 BC. Crassus atapatsidwa nkhondoyi anatuma wachiwiri wake Mummius ndi magulu awiri kuti azungulire adani popanda kumenyana nawo, koma Mummius anaswa lamulolo n'kugonjetsedwa, ndipo asilikali ambiri anathawa atataya zida. Wolemba mbiri Plutarch amati Crassus anatenga amuna 500 amene anayamba kuthawa, n'kuwagawa m'magulu 50 a anthu khumi khumi, ndipo m'gulu lililonse anaphamo mmodzi gulu lonse lankhondo likuonerera. Wolemba mbiri wina, Appian, anamva zosiyana, ndipo anatchula mbiri ina yakuti ophedwawo anafika 4,000. Mfundo yofunika m'mawu a Plutarch ndi yakuti Crassus anadzutsa chilango chimene chinali chitaleka kwa nthawi yaitali, zomwe zikusonyeza kuti ngakhale pa nthawiyo decimatio sinali chizolowezi koma chinthu chakale chimene mtsogoleri ankachifukula pofuna kudziwika kuti ndi woopsa kuposa mdani. Mummius mwiniyo, amene kusamvera kwake kunayambitsa tsokalo, anangodzudzulidwa ndi mawu.

M'nkhondo zapachiweniweni zimene zinatsatira, chilangochi chinkatchulidwa kawirikawiri koma chinkachitidwa mochenjera, pakuti mtsogoleri wodalira chikondi cha asilikali ake sakanawapha mwachisawawa. M'chaka cha 49 BC legio yachisanu ndi chinayi ya Julius Caesar inagalukira ku Placentia, mzinda umene lero ndi Piacenza, chifukwa cha malipiro ochedwa ndi nkhondo yosatha. Caesar anaopseza kuti achita maere pa gulu lonse, koma akuluakulu atamuchonderera anasankha amuna 120 amene ankati ndiwo anatsogolera, n'kuchita maere pa iwo okha kuti aphedwe 12. Appian amawonjeza kuti mmodzi wa khumi ndi awiriwo anapezeka kuti sanalipo n'komwe pa tsiku la kugalukirako, ndipo Caesar anapha kenturiyo amene anamuneneza m'malo mwake. Mark Antony analanga magulu awiri a cohors motere m'chaka cha 36 BC pa nkhondo yake yolimbana ndi a Parthia, atasiya malo awo pozinga mzinda, ndipo wolemba mbiri Suetonius amati mfumu Augustus nayenso ankachita maere pa magulu obwerera m'mbuyo ndi kudyetsa otsala barele.

Chimodzi mwa zochitika zolembedwa bwino koposa chinachitikira kumpoto kwa Africa. Tacfarinas, munthu wa ku Numidia amene anagwirapo usilikali pansi pa Aroma n'kuthawa, anatsogolera mtundu wa Musulamii pa nkhondo yokana ulamuliro wa Roma kuyambira m'chaka cha 17 mpaka 24 AD. M'chaka cha 20 anazinga cohors ina pafupi ndi mtsinje wa Pagyda, ndipo mkulu wake Decrius, poona kuzingidwa ngati manyazi, anatulutsa asilikali ake kukamenyera poyera. Iwo anathawa, n'kumusiya akumenya yekha diso limodzi litaboolwa mpaka anafa. Bwanamkubwa wa chigawocho, Lucius Apronius, anachita maere n'kumenyetsa mmodzi mwa khumi ndi zibonga mpaka kufa, ndipo Tacitus, amene analemba nkhaniyi, anati chinali chinthu chosowa m'masiku amenewo, chotengedwa m'zakale. Iye anakhulupirira kuti chinathandiza, chifukwa posakhalitsa asilikali akale osaposa 500 anabalalitsa gulu lomwelo la Tacfarinas pa linga la Thala. Komatu opambanawo anali gulu lina, osati olangidwa aja, ndipo nkhondoyo inapitirira zaka zina zinayi, choncho umboni wakuti zibonga zinabala kulimba mtima ndi wochepa kuposa mmene Tacitus ankafunira.

Tacitus yemweyo ndiye anasunga mawu oonetsa poyera kumene maganizo a mwambowu ankalowera. M'chaka cha 61 AD, mu ulamuliro wa Nero, mkulu woyang'anira mzinda wa Roma, Pedanius Secundus, anaphedwa ndi kapolo wake, ndipo mwambo wakale unkati akapolo onse ogona pansi pa denga limenelo aphedwe. Analipo 400, kuphatikizapo akazi ndi ana, ndipo anthu wamba anadzaza misewu kukana. M'nyumba ya malamulo katswiri wa malamulo Gaius Cassius Longinus anayankha odandaula za osalakwa powakumbutsa za decimatio, kuti pamene gulu lothawa likutola maere, olimba mtima nawonso amatola, ndipo kuti chilango chilichonse chachikulu chochenjezera ena chimakhala ndi kupanda chilungamo mkati mwake, kumene ubwino wa dziko lonse umakulipira. Nyumbayo inagwirizana naye, ndipo Nero anaika asilikali m'mbali mwa msewu wonse umene akapolowo anadutsa popita kokaphedwa. Mawu a Cassius ndi ofunika chifukwa sanabise kanthu: Aroma ankadziwa kuti akupha osalakwa, ndipo anauwerengera mtengowo n'kuuvomera.

Pambuyo pake nkhani zake zikuchepa. Mfumu yatsopano Galba polowa mu Roma m'chaka cha 68 AD analanga motere amalinyero amene Nero anawasandutsa asilikali, atakana kubwerera ku ntchito yopalasa zombo, ndipo zimenezi zinawonjezera chidani chimene chinamuphetsa mu Januwale chaka cha 69. Chimene chinasunga chikumbutso cha mwambowu m'Ulaya wachikhristu ndi nkhani ya Maurice woyera ndi gulu lake lochokera ku Thebes m'dziko la Egypt, yolembedwa ndi Eucherius, bishopu wa ku Lyon, m'zaka za m'ma 400. Nkhaniyo imati asilikali achikhristuwa anakana lamulo la mfumu Maximian, nachitiridwa maere kawiri, ndipo pokanabe anaphedwa onse pa malo otchedwa Agaunum, amene lero ndi Saint-Maurice ku Switzerland. Akatswiri ambiri amakayika ngati zinachitikadi momwemo, koma nyumba ya amonke imene inamangidwa pamalopo m'chaka cha 515 ikadalipo, ndipo kwa zaka mazana ambiri Akhristu ankamva za decimatio kuchokera kumbali ya ophedwa, osati ya olamula.

Liwu lomweli linali ndi moyo wina wachiwiri umene sunali wa magazi, ndiwo wa chakhumi. Alimi a ku Sicily ankapereka kwa Aroma gawo lachikhumi la tirigu wawo, msonkho wotchedwa decuma, ndipo anthu olemera ankapereka gawo lachikhumi la chuma chawo kwa mulungu wawo Hercules. Crassus yemwe uja, atakhala consul m'chaka cha 70 BC, anapereka chakhumi chotere, nakonzera anthu a mumzinda phwando pa matebulo 10,000, kotero kuti munthu mmodzi m'zaka zochepa anatenga gawo lachikhumi la amuna ndi kupereka gawo lachikhumi la chuma. Baibulo la Chilatini lotchedwa Vulgate, limene Jerome anakonza chakumapeto kwa zaka za m'ma 300, linagwiritsa ntchito decimare pa Mateyu 23:23, pamene Yesu akudzudzula Afarisi chifukwa chopereka chakhumi cha timbewu ta m'dimba akusiya zazikulu za chilamulo. Charlemagne atalamula m'chaka cha 779 kuti chakhumi cha tchalitchi chikhale chokakamiza m'ufumu wake, tanthauzo limeneli ndilo linkamveka m'midzi ya Ulaya chaka ndi chaka pa nthawi yokolola. Motero pamene dzina lakuti decimation linayamba kuoneka m'Chingerezi linkatchula chakhumi, ndipo tanthauzo la chilango cha asilikali linabwera pambuyo.

Linabwera ndi mabuku. M'zaka za m'ma 1500 anthu ophunzira a ku England anayamba kuwerenga ndi kumasulira olemba mbiri akale, ndipo buku la Plutarch la miyoyo ya anthu otchuka linatuluka m'Chingerezi m'chaka cha 1579, lomasuliridwa ndi Thomas North kuchokera ku Chifalansa. Shakespeare, amene ankalidziwa bwino bukuli, anaika liwuli m'sewero la Timon of Athens, pamene akuluakulu a mzinda akuchonderera mtsogoleri wa nkhondo Alcibiades kuti asaphe onse koma atengepo mmodzi mwa khumi mwa maere, ndipo pamenepo analiika pambali pa liwu la chakhumi ngati mapasa. Atsogoleri a nkhondo nawonso ankawerenga mabuku omwewo pofuna kutsanzira mwambo wa Aroma. Gulu lankhondo la mfumu ya ku Austria litagonja pa Breitenfeld m'chaka cha 1642, gulu la apakavalo la Madlo, limene linanenedwa kuti ndilo linayamba kuthawa, linalangidwa mwa maere ku Rokycany m'dziko la Bohemia. Ku England, asilikali atagalukira pafupi ndi Ware mu Novembala 1647, atatu oweruzidwa kuti aphedwe anachita maere, ndipo Richard Arnold yekha ndiye anawomberedwa.

Chimene chinalowetsa liwuli m'kamwa mwa anthu wamba a ku England chinali msonkho. Otsatira banja lachifumu ataukira boma la Oliver Cromwell mu Malichi 1655 motsogozedwa ndi John Penruddock, Cromwell anagawa England ndi Wales m'zigawo zolamulidwa ndi akuluakulu a asilikali, ndipo ndalama zolipirira asilikali a m'zigawozo anazitenga kwa anthu amene anamenyerapo mfumu. Aliyense wa iwo wopeza mapaundi 100 kapena kuposerapo pachaka kuchokera ku minda yake ankapereka gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo msonkhowo unkatchedwa decimation. Sunafunse ngati munthu anatengako mbali pa kuukira kwa chaka chimenecho, komanso unaphwanya chikhululukiro chimene nyumba ya malamulo inapereka m'chaka cha 1652, n'chifukwa chake aphungu anaukana mu Januwale 1657 ndipo ulamuliro wa akuluakulu a asilikaliwo unathera pomwepo. Pa msonkho umenewu matanthauzo awiri aja anakumana, pakuti unali chakhumi cha chuma komanso chilango cha gulu chosasiyanitsa wolakwa ndi wosalakwa, ndipo munthu wokhomeredwa msonkhowu anasanduka chitsanzo cha wolemera amene wasauka.

Kuyambira m'zaka za m'ma 1660 olemba anayamba kugwiritsa ntchito liwuli pa kuwonongeka kwakukulu kulikonse popanda kuwerenga khumi, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1800 linali litakhazikika pa miliri, njala ndi nkhondo. Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Chiwerengero cha mmodzi mwa khumi chinali chooneka kwa odziwa Chilatini okha, pomwe wolankhula Chingerezi wamba, amene liwu lake la khumi silifanana ndi decem, sankamva nambala iliyonse mkati mwake. Chimene ankamva chinali chithunzi cha imfa yoyenda m'gulu la anthu, kutenga uyu n'kusiya uyo popanda chifukwa chooneka, ndipo palibe chinthu chofanana ndi chithunzi chimenechi kuposa nthomba kapena kolera ikalowa m'mudzi. Richard Grant White wa ku America anadandaula m'buku lake la m'chaka cha 1870 kuti atolankhani a nkhondo akuliwononga liwuli, koma H. W. Fowler m'buku lake la kagwiritsidwe ntchito ka Chingerezi la m'chaka cha 1926 anavomera tanthauzo latsopanoli, nachenjeza kokha kuti lisaikidwe pambali pa chiwerengero chotsutsana ndi khumi. Lero mlembi wofotokoza mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest, umene unalowa mu Africa kudzera pa doko la Massawa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 ndi kupha ng'ombe zisanu ndi zitatu kapena zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse m'madera ambiri, amagwiritsa ntchito liwu lomweli ngakhale kuti chiwerengero chatembenuzika.

Pali chinthu china chimene chinatayika pa kusinthaku, chofunika kuposa nambala, ndipo odandaula za Chilatini sachitchula kawirikawiri. Decimatio iliyonse yolembedwa m'mbiri ya Aroma ili ndi dzina la woilamula: Appius, Crassus, Antony, Apronius, Galba. Liwu la masiku ano limatha kuyenda popanda mwini. Buku likanena kuti anthu a mtundu wa Taino pa chilumba cha Hispaniola anatha pambuyo pa kufika kwa Columbus m'chaka cha 1492, liwu limodzili limaphimba pamodzi nthomba, imene inafika pachilumbacho m'chaka cha 1518, ndi ntchito yokakamiza ya m'migodi ya golide imene inali itapha kale anthu ochuluka nthombayo isanafike. Mliri ulibe mlandu woyankha, koma amene anagawana anthu ngati katundu anali nawo, ndipo wolemba mbiri wosamala ayenera kulekanitsa ziwirizi ngakhale liwu likumulola kuziphatikiza.

Pamene akatswiri a chinenero ankatenga tanthauzo lakale ngati chinthu cha m'mabuku, mwambo weniweniwo unali usanafe. M'chaka cha 1843 asilikali a ku Texas amene anagwidwa ku Mier m'dziko la Mexico anathawa ali m'njira, ndipo 176 anagwidwanso. Mtsogoleri wa Mexico, Antonio López de Santa Anna, analamula kuti aphedwe mmodzi mwa khumi, ndipo pa 25 Malichi, pa malo otchedwa Salado, mumphika munaikidwa nyemba zoyera 159 ndi zakuda 17. Akaidiwo ankapisa dzanja mmodzimmodzi, ndipo otola nyemba zakuda anawomberedwa madzulo a tsiku lomwelo. Ewen Cameron, amene anatsogolera kuthawako, anatola nyemba yoyera, komabe anaphedwa patapita mwezi pa lamulo lapadera, zomwe zikuonetsa kuti olamula ankalemekeza maere pokhapokha ngati agwera kumene iwo sakudandaula.

Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, mkulu wa asilikali a Italy, Luigi Cadorna, analamula poyera mu Novembala 1916 kuti pamene olakwa enieni sakudziwika, akuluakulu achite maere pakati pa oganiziridwa n'kuwawombera. Mu Julayi 1917 gulu la Catanzaro, lodziwika ndi kulimba mtima ndiponso lotaya amuna ambiri pa nkhondo za ku Carso, linagalukira ku Santa Maria la Longa litamva kuti likubwezedwa kumzere wa nkhondo mpumulo wake usanathe, ndipo m'mawa mwake amuna 28 anawomberedwa, 12 mwa iwo atasankhidwa mwa maere. Nkhanza zimenezi sizinaletse kusweka kwa gulu lankhondo la Italy pa Caporetto mu Okutobala chaka chomwecho, ndipo Cadorna anachotsedwa mu Novembala n'kulowedwa m'malo ndi Armando Diaz, amene anasamala kwambiri za chakudya ndi mpumulo wa asilikali. Ku Russia, mu Ogasiti 1918, gulu lina la ku Petrograd litathawa pa Sviyazhsk pafupi ndi Kazan, bwalo limene Leon Trotsky anakhazikitsa linawombera mkulu wa gululo, woyang'anira zandale wake ndi mmodzi mwa asilikali khumi alionse.

Malamulo a pakati pa mayiko anayamba kutseka njira imeneyi pang'onopang'ono. Pangano la ku Hague la m'chaka cha 1907 linaletsa kulanga anthu a m'dziko lolandidwa chifukwa cha zochita za munthu wina zimene iwo sanagwirizane nazo, pangano la ku Geneva la m'chaka cha 1929 linaletsa chilango cha gulu pa akaidi a nkhondo, ndipo mapangano a ku Geneva a m'chaka cha 1949 anabwereza chiletsocho pa akaidi ndi pa anthu wamba, gawo 33 la pangano lachinayi likunena kuti munthu asalangidwe pa mlandu umene sanapalamule yekha. Mapanganowa analembedwa makamaka poteteza anthu amene ali m'manja mwa mdani, monga akaidi a ku Salado. Msilikali wolangidwa ndi mtsogoleri wa dziko lake lomwe, monga a Crassus ndi a Cadorna, amatetezedwa ndi malamulo a usilikali a dziko lakelo ndiponso ndi mapangano a ufulu wa anthu, monga la bungwe la United Nations la m'chaka cha 1966 lokhudza ufulu wa nzika ndi wa ndale, limene limafuna kuti chilango cha imfa chiperekedwe pokhapokha bwalo loyenerera litaweruza mlandu wa munthuyo.